Batire Lopanda Lebulo

Nkhani iyi ndinayamba kuimva ndili ndi chowotcherera mawaya m'manja, utsi wa mtovu ukundilowa m'mphuno, munthu ataima kumbuyo kwanga n'kumandiuza poti ndigwire. Nthawi imeneyo mutuwu unali usanachite imvi. Ndinali nditasiya ntchito yokweza katundu m'malole, yopenta zikwangwani ndisanaiyambe, ndipo ndinkangoyenda mumsewu wina wa timashopu pamene ndinaona pachitseko palembedwa kuti akufuna munthu wa manja osanjenjemera. Za sukulu sanatchule. N'chifukwa chake ndinalowa.

Eni shopuyo aliyense ankangowatchula kuti Amisiri. Ankakonza mawailesi, mafoni, chilichonse choyendera magetsi. Atanditambasulira dzanja kuti tipatsane moni, ndinamvetsa chimene ankafunira manja a wina. Zala zawo zinali zopindikira mkati ngati mapazi a nkhuku yowamba, khungu lake losalala, lonyezimira, lopanda ndi mzere womwe. Kapu ya tiyi ankaipanikiza ndi zikhatho ziwiri.

"Usamayang'ane manja," anatero. "Uziyang'ana waya."

Sindinafunse. Koma mukakhala pabenchi imodzi ndi munthu, nkhani imadontha yokha. Ina anandiuza okha, ina akazi awo, ina anthu a mumsewumo. Lero ndikupatsani yonse pamodzi, anyamata inu, chifukwa polowa mu holo ya tchalitchi muno ndaona kagalimoto ka rimoti pansi pa benchi apo, batire lake lili pa tchaja pamwamba pa mulu wa majuzi, mwini wake ali kuno akuseka ndi anzake. Khalani pansi.

Shopu ya Amisiri inali kutsogolo, nyumba kumbuyo, pakati pake chitseko chimodzi. Amayi a m'nyumbamo anali telala. Makina awo anali pawindo, ndipo masana onse munkamveka makina kumbuyo, wailesi kutsogolo. Madzulo ankasesera timasikuluwu kumbali kwa tebulo, kuika mbale, kupemphera, n'kudya. Amisiri ankapemphera motalika, ndipo akazi awo ankati akadzafika kumwamba adzayamba ayang'ana ngati mawaya a kumeneko analumikizidwa bwino.

Ana anali awiri. Wamng'ono, mtsikana, ankangomutchula kuti Mzime. Anali wa pulayimale, wa mawu okweza, woimba kwaya ya ana, ndipo kanthu sikankagona m'kamwa mwake. Wamkulu anali mnyamata. Ali wokwawa analowetsa msomali m'soketi, magetsi n'kumuponyera uko, analira pang'ono kenaka n'kubwereranso ndi msomali womwewo. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linakhala Nyesi.

Nyesi atamaliza sekondale, munthu wina anasiya pashopupo kagalimoto ka rimoti kowonongeka, nasamuka osabweranso. Bambo ndi mwana anakaphwasula, kukatsuka, kusintha mota, n'kukadzutsa. Sikanali kachidole ka ana ayi. Ukakatsegulira pamsewu woongoka, njinga yamoto inkatsala m'mbuyo. Mphamvu yake inkachokera m'batire la mtundu umene eni tigalimoto totere amati lipo: lopepuka, lofewa ngati paketi ya sopo, mkati muli timatumba tiwiri.

Tsiku loyamba kulitchaja, Amisiri anamukhazika Nyesi pampando.

"Werenga palebulo apa."

"5000."

"Chotsa maziro atatu."

"5."

"Ndiwo maampu ake amenewo. Amati C imodzi. Ukalipatsa maampu 5, pakatha ola limodzi lakhuta. Likakhala la 2000, maampu awiri basi. Alipo ena olola kupitirira pamenepo, koma amalemba okha palebulo. Ngati sanalembe, usawaganizire."

"Nanga ndikakhala pachangu, bambo?"

"Changu ndi chako, si cha batire. Ukhale pansi."

Anamuonetsanso kachingwe koyera ka timawaya tambiri, kamene kamauza tchaja mmene kathumba kalikonse kakudzazira, kuti kena kasakhute kupitirira kanzake. Pakakhala cholakwika, tchaja imalira. Batirelo ankaliika m'bokosi lachitsulo, pansi pa simenti, ndowa ya mchenga ili pambali, ndipo munthu sankachokapo mpaka litadzaza.

"Mukutchaja batire kapena mukuyamwitsa khanda?" amayi anafuula ali pamakina.

"Khanda likakwiya limangolira," Amisiri anayankha. "Ili likakwiya, nyumba ino sitiionanso."

Kuseri kwa nyumba ina yakale yosungiramo katundu kunali bwalo la simenti, kumene Loweruka masana anthu ankathamangitsako tigalimoto timeneti. Njira yake ankaitchinga ndi mapaipi ndi matayala akutha. Sikunali ana kumeneko. Kunali madalaivala a matakisi, wogulitsa mankhwala, makalaliki, ndi chimunthu china cha mikono ngati ntchafu, mwini butchala ya pakona, amene onse ankamutchula kuti Abutcha.

Nyesi anali ndi zala za bambo ake. Pokhota palibe ankamuposa. Vuto linali lakuti anzake ankabwera ndi mabatire odzaza chikwama, iye limodzi. Akathamanga kamodzi, ankakhala pansi kuyang'ana tchaja, anzake akuzungulira bwalo n'kumamuponyera mawu.

"Mwana wa Amisiri ali pa maliro!"

"Mupatseni bulangete, agone pomwepo!"

Pabwalopo panali bambo wina wotchedwa Tayala. Kale ankapambana, koma tsopano ankangogulitsa zipangizo ndi mowa kuchokera m'buti ya galimoto yake. Tsiku lina ananjuta pambali pa Nyesi, botolo lili m'manja.

"Mphwanga, ukutchaja kapena ukuphika nyemba?"

"Ndi la 5000, achimwene. Maampu 5."

"Tapereka kuno." Anadinadina mabatani mpaka panaoneka 20.

"Bambo amati..."

"Bambo ako amakonza mawailesi a nkhalamba. Batire likatentha m'pamene limalusa. Ufuna chikho kapena ufuna kukalamba ndi batire limodzi?"

Patapita kanthawi tchaja inayamba kulira. Tayala anazula kachingwe koyera kaja, nasintha mabatani, tchaja n'kukhala chete.

"Kameneka ndi kamlongo kako," anatero. "Ntchito kuneneza anthu."

Nyesi anaseka. Batire linadzaza asanamalize n'komwe kupukuta matayala. Linali lotentha m'manja ngati mkate wongophula. Anathamanga, napambana, ndipo anthu anamunyamula m'mwamba. Tayala anamutsegulira botolo.

"Imwa. Wopambana samwa madzi."

Linali botolo lake loyamba. Loweruka lotsatira anali awiri. Kenaka anayamba kupitako ndi pakati pa sabata, benchi ya pashopu n'kukhala yopanda munthu, mafoni a anthu akudikira. Amayi ake anamununkhiza pakhomo.

"Wadya chiyani iwe?"

"Maswiti."

"Maswiti amenewo amakupangitsa kuphonya chitseko? Mwana wanga, anthu aja akukuombera m'manja lero. Tsiku lodzagwa, udzawawerenge."

Batire lija linayamba kutupa. Poyamba pang'ono, kenaka chivindikiro cha kagalimoto chinakana kutsekeka. Tayala anati alipanikize pakati pa matabwa awiri. Amisiri anamupeza akuchita zimenezo kuseri kwa shopu, bondo lili pathabwa.

"Chotsa bondo. Pang'onopang'ono."

Analinyamula ngati dzira, kuliika m'ndowa ya mchenga n'kulitulutsa panja. Kenaka anayatsa tchaja. Tchaja imakumbukira zimene waipatsa komaliza, ndipo panaoneka 20.

"Amenewa ndani wakuphunzitsa?"

"Aliyense kubwaloko amatero."

"Aliyense amagona m'nyumba muno? Batire ili lafa, walipha ndiwe. Tchaja ndikuitsekera. Ukadzabwerera pabenchi n'kugwira ntchito ngati munthu, tidzakambirana za lina."

"Loweruka kuli mpikisano waukulu!"

"Ukaonerere."

Anaika tchaja m'dirowa yachitsulo. Asanatembenuze kiyi, Nyesi anawagwira pakhosi pa malaya n'kuwakankha. Msana wawo unamenya benchi, wailesi ya munthu inagwa pansi n'kusweka, timasikuluwu mbwee pansi ponse. Amayi anatulukira ndi mita yoyezera nsalu ili m'khosi. Mbama imene anamupatsa inamveka mpaka kumsewu.

"Wagwira bambo ako? Manja amenewo anakuphunzitsa ndani kugwira sipuni?"

Nyesi anamenya chitseko ndi phazi, natuluka. Mzime anali pakhomo la pakati, maso ali tong'o. Amisiri anadzuka, kukonza malaya, n'kutseka dirowa ija.

"Abwera," anatero. "Wangotentha."

Kubwalo, Tayala anamvetsera nkhani yonse akutokosa m'mano.

"Ndiye walira? Taona uko. Abutcha ali ndi mabatire osawerengeka, ndipo akamwa amawasiya pabenchi n'kupita kuseri kukataya madzi."

"Mukuti ndibe?"

"Ndani wanena kuba? Ukubwereka. Ukapambana udzabweza."

"Onse amawajambula mutu wa nkhumba palebulo, ndi inki yofiira."

"Lebulo ili ndi mizu? Pala. Ukachotsa lebulo, mabatire onse ndi ana a mayi mmodzi."

Madzulo a Lachisanu, anthu akuyeserera, Abutcha anapita kuseri. Nyesi anadutsa pabenchi, batire limodzi n'kulowa m'thumba. M'kanjira ka pakati pa mipanda anatulutsa mpeni. Inki yofiira inali itadutsa pamwamba pa manambala, choncho anapala zonse: mutu wa nkhumba, dzina la kampani, manambala, machenjezo. Anali pachangu, akuyang'ana uku ndi uku, ndipo sanawerenge kanthu. Mpeni unaterereka kamodzi n'kukanda khungu la batirelo. Anangopukutapo ndi chala. Anaona kuti ndi lalifupi komanso lopepuka kusiyana ndi lake lakale, nati mumtima, ndiye kuti kagalimoto kauluka.

Loweruka m'mawa, bambo ake ali kubafa, anatsegula dirowa ndi chitsulo chozulira misomali. Masana amayi anapita kukapereka madiresi a anthu. Amisiri anali kutsogolo ndi munthu wobwera ndi masipika akuluakulu, ndipo ankawayesa mokweza mpaka magalasi kunjenjemera.

Bokosi lachitsulo ndi ndowa ya mchenga zinali m'shopu, pamaso pa bambo ake. Batire lakuba silikanapita kumeneko. Nyesi analowa nalo kuchipinda kwake, kudutsitsa chingwe kuseri kwa kabati ya zovala, n'kuika tchaja ndi batire mkati, pansi pa malaya.

Tchaja inafunsa maampu.

Anatembenuza batire uku, kulitembenuza uku. Panalibe chowerenga. Yankho anali atalipala yekha ndi mpeni. Pambuyo pake Abutcha anadzanena kuti linali la 2200, la kagalimoto kopepuka, ndipo palebulo analembapo kuti lisapitirire 2C, kutanthauza maampu anayi ndi pang'ono. Nyesi anasiya pa 20 pomwe paja. Atalumikiza kachingwe koyera, tchaja inalira nthawi yomweyo. Anakazula.

"Achimwene, chikulira n'chiyani?"

Mzime anaima pakhomo, atafunda chitenje cha amayi ake. Tsiku limenelo sanapite kukwaya chifukwa ankamva kutentha thupi.

"Tuluka."

"Imeneyo ndi tchaja ya bambo. Anaitsekera. Batirelo mwalitenga kuti? Bwanji mwaliika m'zovala? Bambo anati pasimenti."

"Ndati tuluka!"

"Ndikanena."

Anatembenuka kuti athamange. Nyesi anamugwira tsitsi, kumukokera mkati n'kumumenya khofi pakamwa. Mwanayo anagwera pabedi, mlomo ukuchucha magazi. Nyesi anaima akupuma mwawefuwefu. Kubwalo lamulo linali lakuti mpikisano usanayambe aliyense aonekere ndi kagalimoto kake, apo ayi malo ake amapatsa wina. Akamusiya Mzime, afika kushopu iye asanatuluke pageti.

"Ukhale momwemo. Ukakhudza chingwe icho ndidzakuthyola zala. Ndibwera posachedwa."

Anatseka chitseko, naika loko kunja. Loko ameneyo ndi chokolowekera chake anaziika ndi Amisiri okha, Nyesi atapempha kuti Mzime asamamugwirire zinthu. Anaziika molimba, monga ankachitira chilichonse. Pawindo panali zitsulo zotchinga akuba. Nyesi anaponya kiyi m'thumba, natulukira kumbuyo.

Atafika kubwalo anapeza tigalimoto tonse tili duu. Anthu anali atazungulira buti ya Tayala, ndipo Abutcha anali atamugwira Tayala pakhosi, mapazi ake akulendewera.

"Amene amayendayenda pabenchi yanga ndiwe. Lili kuti?"

"Si ine, bwana! Uyo! Uyo akubwerayo! Mwana wa Amisiri! Ndinamuona ndi maso angawa!"

Nyesi anayesa kubwerera, koma wina anamutchera mwendo. Abutcha anamutola pansi ndi dzanja limodzi. Chibakera choyamba chinamuswa mphuno. Chachiwiri chinamugwetsera pamatayala. Kagalimoto kaja, kamene anakadzutsa ndi bambo ake, Abutcha anakaponda ndi jombo mpaka mota inatulukira pambali.

"Wakuba iwe! Batire langa lili kuti?"

"Kunyumba... lili pa tchaja..."

"Pa tchaja? Walisiya ndi ndani? Waika maampu angati?"

"20."

Wogulitsa mankhwala anagwira pakamwa. Abutcha anamukweza m'mwamba n'kumugwedeza ngati thumba.

"Kabatire kakang'ono kaja? 20? Wapenga? Sunawerenge?"

"Ndinapala."

Apa m'pamene Nyesi anakumbukira chimene chinali m'thumba mwake. Anayamba kuphupha.

"Ndisiyeni! Mlongo wanga ali momwemo! Ndamutsekera! Kiyi ali ndi ine!"

"Bodza la wakuba," wina anatero, namumenya theche m'nthiti. Ena anaonjezera. Aja anamunyamula m'mwamba tsiku lija ndi amene ankaponda kwambiri. Tayala anali atalowa kale m'galimoto, akuiliza.

"Abutcha!" dalaivala wa takisi anafuula. "Taonani uko!"

Pamwamba pa madenga, cha kumsewu wa timashopu, utsi unkakwera, woyera pansi, wakuda pamwamba. Abutcha anatsegula dzanja. Nyesi anagwa, nadzuka, nathamanga magazi akumulowa m'kamwa.

Gawo lotsatirali Amisiri anandiuza kamodzi kokha, akuyang'ana khoma.

Anati anayamba kumva kafungo kotsekemera, konga ka mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Atazimitsa masipika anamva kugogoda, ndi mawu a mwana wawo akuitana, "Bambo! Bambo!" Sankadziwa kuti wakhala akuitana kwa nthawi yaitali bwanji. Pansi pa chitseko cha Nyesi pankatuluka utsi, ndipo mkati munkamveka chinthu chikufwenthera ngati tayala lobooka. Kenaka phuu! Kathumba koyamba ka batire kanaphulika, kabati yonse n'kuyaka.

Anamenya chitseko ndi phewa. Chokolowekera chawo chomwe chinakana. Anathamangira kushopu, natenga chitsulo chozulira misomali, chomwe chija mwana wawo anatsegulira dirowa. Pamene loko ankagwa, kathumba kachiwiri kanali kataphulika ndipo Mzime anali atasiya kuitana.

Mkati simunkaoneka kanthu. Kabati inali itagwera pabedi, matiresi a siponji akuyaka n'kumasungunuka, ndipo mwanayo anali kuseri kwake, pakona, pamene anathawira. Panalibe nthawi yofuna nsanza kapena madzi. Amisiri anagwira matiresi oyakawo ndi manja awiri n'kuwakoka. Siponji yosungunuka inawamatirira ngati phula. Anati anamva fungo la nyama yopsa, osazindikira kuti ndi yawo. Anakokabe. Atafika pa mwanayo, zala zinakana kugwira, choncho anamukolowekera m'mikono n'kutuluka naye chokwawa.

Anthu a mumsewu anapulumutsa shopu ndi mchenga ndi ndowa za madzi. Zipinda za kumbuyo zinapita, makina a amayi ndi nsalu za eni ake zomwe.

Nyesi anafika bambo ake atakhala pansi pamsewu, manja atawakweza m'mwamba, khungu likulendewera. Mzime anali atamugoneka pachitseko chozula, khosi ndi tsaya zitapsa, akupuma ngati akukoka mpweya m'kabowo ka singano. Amayi anafika nthawi yomweyo, thumba la madiresi lili lopanda kanthu m'manja. Anayang'ana amuna awo, anayang'ana mwana wamkazi, kenaka anayang'ana Nyesi. Nkhope yake yoswekayo sanaione n'komwe. Anaona dzanja.

"Kiyi ameneyo ndi wa chiyani?"

Nyesi anafumbata kiyiyo.

"Ndikufunsa iwe. Ndi wa chitseko chiti?"

"Panali loko kunja!" mayi wina wa pafupi anakuwa. "Mwana anamutsekera!"

Anthu anayamba kutola miyala. Woyamba unamupeza paphewa, wachiwiri pakhutu. Amisiri, ali pansi pomwepo, anafuula ndi mawu amene anthu anali asanawamvepo.

"Musiyeni! Amene waponyanso andiyambe ine!"

Nyesi anagwetsa kiyi, nathawa. Panapita zaka asanamuonenso.

Mzime anachira, koma utsi unamupsereza kukhosi. Mtsikana amene ankamveka kuchokera kukona ya msewu anatsala ndi kunong'ona kokhakokha. Kukwaya sanabwerereko. Chipinda chimene anamumangira pambuyo pake iye mwini analamula kuti chisakhale ndi chitseko, katani yokha. Za manja a Amisiri mwamva kale. Mutu unkadziwa chilichonse, koma sikuluwu yaing'ono ya foni sankatha kuitola. Ndi mmene ine ndinapezera ntchito, ndipo zonse zimene ndimadziwa za magetsi ndinaziphunzira pamenepo, iwo akulankhula, ine ndikugwira. Ndayenda malo ambiri, koma benchi ija ndimailotabe.

Mpando umene ndinkakhalira unali wa Nyesi. Sanandiuze, koma pansi pake panali dzina lake, lolembedwa ndi chowotcherera.

M'mawa wina kukugwa mvula, pakhomo la shopu panaima munthu woonda, mphuno yokhota, nsapato zosiyana. Ndinayesa kasitomala.

"Tikuthandizeni, achimwene?"

Sanandiyang'ane. Analowa n'kugwada pasimenti, madzi akudontha m'malaya. Amayi anatulukira pakhomo la pakati, naima pomwepo. Mzime, tsopano mtsikana wamkulu, anali pakauntala akusanja mafoni.

"Bambo, amayi, ndachimwa," munthuyo anatero. "Sindinabwere kudzadya. Ndimangofuna ndinene pamaso panu. Ndinaba, ndinakumenyani, ndinamutsekera mwana. Mukafuna apolisi, itanani. Sindithawanso."

Mvula inkasokosa padenga. Kenaka Mzime anatuluka kuseri kwa kauntala, naima patsogolo pake. Anasolola kolala ya bulauzi kuti zipsera zioneke bwino. Tonse tinachita kutchera khutu kuti timve.

"Munati mubwera posachedwa."

Nyesi anagwetsa mphumi pasimenti. Analira ngati nyama yolasidwa. Mzime sanamukhudze. Anabwerera kukauntala, napitiriza kusanja mafoni.

Pabenchi panali batire la kasitomala, lodikira kutchajidwa. Amisiri anandiyang'ana. Ndinamvetsa. Ndinadzuka pampando paja. Iwo anakankha batirelo ndi kuseri kwa dzanja mpaka linafika kumphepete kwa benchi.

"Dzuka. Werenga."

Nyesi anapukuta maso. "3000."

"Ndiye?"

"Maampu atatu."

"Kachingwe koyera."

Analumikiza. Anaika batire m'bokosi lachitsulo, nasendeza ndowa ya mchenga pafupi.

"Tsopano khala pansi," Amisiri anatero. "Udikire."

Anakhala. Anadikira ola lonselo mpaka batire litadzaza. Musaganize kuti zonse zinakhala bwino. Zala za bambo ake sizinaongoke chifukwa choti iye walira. Mpaka ndikuchoka, Mzime sankadya naye tebulo limodzi, ndipo iye akalowa m'chipinda, mtsikanayo ankasunthira pafupi ndi khomo. Nyesi ankagona m'shopu, pansi pa benchi. Kudzuka kulikonse, chinthu choyamba kuona chinali manja aja akumuonetsa poti agwire. Ine ndinalongedza kachikwama kanga sabata yomweyo. Manja anali atapezeka, ndipo miyendo yanga inali itayamba kale kuyabwa.

Tsono mverani, ndinene mosazungulira. Musabe. Chinthu chakuba chimafuna kubisa, ndipo pobisapo m'pamene mumachita choipa choposa kubako. Nyesi sanadzuke m'mawa kuti akatenthe mlongo wake. Anangofuna kusadikira. Kusadikira kunamutengera kwa munthu womuuza zokoma, wa zokomayo anamupatsa botolo, kenaka anamulozera benchi ya mwini wake. Ataba anapala lebulo, atapala sanadziwe mlingo, ndipo amene akanamuchenjeza, kachingwe kaja ndi kamtsikana kaja, onse anawatseka pakamwa. Makolo anu akamakuletsani, si kuti amadana ndi chisangalalo chanu. Moto mukauyatsa, amene adzaugwire ndi manja ndi iwowo. Ndipo amene akukuuzani kuti makolo anu ndi achikale, tsiku la zibakera adzakulozani ndi chala, galimoto yake italira kale.

Mwini kagalimoto aka ndani? Ndiwe? Bwera kuno, sindiluma. Zimitsa tchajayo. Lichotse pamajuzi apo. Werenga palebulo, mokweza, anzako amve. Nanga waika maampu angati? Eya. Tsitsa. Ukafika kunyumba upeze chitini chachitsulo ndi mchenga, uziika pasimenti, ndipo uzikhala pomwepo mpaka lidzaze. Ukaona layamba kutupa, latha, usalinyengerere.

Ayi, amayi, tiyi musandithirire, zikomo. Ndikamwa ndikhala, ndikakhala ndiyamba ina, ndipo lole imene yandilonjeza malo ikunyamuka kusiteji anthu asanatseke mashopu. Pitirizani nyimbo zanu. Mnyamata iwe, tandipatsira chipewa changa icho. Chitseko ndichisiya chotsegula.